Maliro N'kulirana: Zimene Mawu Achigiriki Akuti Pentheo Akutiphunzitsa



Lero tichoka pang'ono pabwalo lathu la masiku onse, tipite kutali ku chinenero cha Agiriki, chimene Chipangano Chatsopano chidalembedwamo. Kumeneko kuli mneni wina amene ndikufuna kuti mumudziwe bwino, ndiye pentheo. Mwina mufunsa kuti mawu achilendo otere akudzatani pakati pa miyambi yathu. Chifukwa chake n'chakuti ndaona kuti anthu a mbadwo uno ayamba kuchita manyazi ndi kulira maliro, ndipo ena akutsamira Baibulo ponena kuti Mkhristu weniweni sayenera kukhetsa misozi. Ine ndikuti tiyeni tilitsegule bukulo, tione mawu amene alembi ake adasankha, kenaka tiwaike pambali pa mwambi wathu uja wakuti maliro n'kulirana.

Mawu a chisoni sali amodzi

Ife Achewa timasiyanitsa kudandaula, kusisima, kukhetsa misozi, kulira ndi kubuma. Munthu amene wataya mbuzi amadandaula, koma sabuma. Agiriki nawonso adali ndi mawu angapo, ndipo aliwonse adali ndi ntchito yake. Lupeo ndi kuwawidwa mumtima, chisoni chimene munthu angathe kuchibisa n'kumayenda nacho anthu osadziwa. Ndi mawu amene Mateyu adagwiritsa ntchito pa mutu 19 ndime 22, posimba za mnyamata wachuma uja amene adachoka pamaso pa Yesu ali ndwii. Klaio ndi kulira motulutsa mawu, monga adachitira Petro tambala atalira. Dakruo ndi kugwetsa misozi, ndipo m'Chipangano Chatsopano chonse amapezeka kamodzi kokha, pa Yohane 11 ndime 35, Yesu ali pafupi ndi manda a Lazaro. Threneo ndi kuimba nyimbo ya maliro, pamene kopto ndi kudziguguda pachifuwa.

Tsono pentheo ndi kulira maliro, kukhala pamaliro, kukhala namfedwa. Dzina lochokera ku mneni ameneyu ndi penthos, ndipo ndi la mbumba imodzi ndi pathos, mawu otanthauza zowawa zimene zimamugwera munthu. Mpaka lero Agiriki amatchula nyengo ya maliro kuti penthos. Richard Trench, amene pambuyo pake adakhala Arkibishopu wa ku Dublin, adafotokoza kusiyana kwa mawu amenewa m'buku lake lotchedwa Synonyms of the New Testament, limene lidatuluka koyamba m'chaka cha 1854. Mfundo yake idali yakuti pentheo ndi chisoni chimene chamugwira munthu yense kotero kuti sichingabisike. Amene muli ndi buku la James Strong la mndandanda wa mawu a m'Baibulo, la m'chaka cha 1890, mudzampeza mneniyu pa nambala 3996 ya mawu achigiriki.

Agiriki akale ankapatsanso anthu maina kuchokera ku mawu amenewa. M'sewero la Euripides lotchedwa Bacchae, limene lidaonetsedwa mlembi wake atamwalira kale, muli mfumu ya ku Thebes dzina lake Pentheus, imene idaphedwa ndi mayi wake yemwe. Oonerera ankamva maliro m'dzina lomwelo mfumuyo isanafe. Zimenezi kwa ife si zachilendo, pakuti m'midzi mwathu muli a Chisoni, a Misozi ndi a Mavuto, ana amene adabadwa pakhomo pali zovuta, ndipo maina awo amasunga mbiri ya banja.

Yakobo ndi malaya a mwana wake

Zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, Ayuda okhala mumzinda wa Alexandria ku Ejipito adayamba kumasulira malembo awo kuchoka m'Chiheberi kupita m'Chigiriki. Malembo omasuliridwawo amatchedwa Septuagint, ndipo ndi amene Akhristu ambiri oyambirira ankawerenga. M'menemo pentheo amaimira kawirikawiri mneni wachiheberi wakuti abal. Choncho pamene Mateyu, Paulo ndi Yakobo ankalemba mawuwa, owerenga awo adali atawamva kale m'nkhani za makolo awo.

Pa Genesis 23 ndime 2, ndi zimene Abrahamu adachita Sara atamwalira. Pa Genesis 50, Aejipito adachita zomwezo masiku 70 chifukwa cha Yakobo, ndipo pa ulendo wokamuika m'manda padachitikanso maliro a masiku 7, aakulu ndithu mwakuti eni dziko adasintha dzina la malowo kuti lizikumbutsa za kulira kwa Aejipito. Taonani kuti kulira kumeneku kumawerengedwa masiku, kumachitika ndi gulu, ndipo ngakhale anthu odutsa m'njira amakuona.

Koma nkhani imene imandikhudza koposa ndi ya pa Genesis 37. Abale ake a Yosefe atamugulitsa, adaviika malaya ake m'magazi a mbuzi n'kupita nawo kwa bambo wawo. Yakobo adang'amba zovala zake, adavala chiguduli, nalira mwana wake masiku ambiri. Mtembo sadauone, manda sadakumbe. Ana ake onse adabwera kudzamupepesa, koma iye adakana kutonthozedwa, nanena kuti adzatsikira kumanda akulirabe. M'ndime ziwiri zimenezo, 34 ndi 35, pentheo akupezeka kawiri.

Ndili mphunzitsi wachinyamata, mwana wina wa m'kalasi mwanga adataya bambo wake amene ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Malemuwo adaikidwa komweko, ndipo kumudzi kudangofika uthenga ndi sutikesi ya zovala. Komabe mfumu idalengeza maliro, amayi adasonkhana m'nyumba, abambo adakoleza moto panja, ndipo tsiku limenelo kumunda sikudapite munthu. Ife aphunzitsi tidaperekeza ana a kalasi lonse kukakhala pansi pamodzi ndi mnzawoyo. Mudzi udadziwa kuti ngakhale palibe bokosi loti n'kunyamula, pali mayi ndi ana ofunika kuwalirira. Zoterezi zidationekeranso m'mwezi wa Marichi chaka cha 2023, pamene namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo ambiri adakokoloka ndi madzi kapena kukwiririka ndi matope, osapezekanso. Boma lidalengeza masiku 14 olira maliro. Mabanja amene sadaone matupi a abale awo adalira monga adalirira Yakobo, atangogwira chovala m'manja.

Kulirira amoyo, kulirira dziko

M'Chipangano Chakale mneniyu sadathere pa akufa okha. Pa 1 Samuele 15 ndime 35, Samuele adamulira Sauli maliro, chonsecho Sauliyo adali moyo, ali pampando wake wachifumu. Chimene chidafa chidali kumvera kwake. Ezara, pa mutu 10 ndime 6, adakana kudya ndi kumwa polira kusakhulupirika kwa anthu amene adabwera kuchokera ku ukapolo. Nehemiya atamva kuti malinga a Yerusalemu adagumuka, adakhala pansi nalira masiku angapo, ngakhale kuti iye mwini ankadya bwino kunyumba ya mfumu ya Aperisi. Akuluakulu athu adati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ndipo anthu atatu amenewa adamva kupota kwa nkhuyu zimene sadadye.

Aneneri adapitirira apo. Hoseya, pa mutu 4 ndime 3, adanena kuti dziko lenilenilo lidzakhala pamaliro chifukwa cha bodza, kuba ndi kuphana, mpaka nyama, mbalame ndi nsomba zidzatha. M'buku limene ife timalitchula kuti Maliro, pa mutu 1 ndime 4, misewu yopita ku Ziyoni ndi imene ikulira chifukwa palibe woyendamo kupita ku chikondwerero. Aliyense amene adaonapo munda wa chimanga utafota mu Febuluwale, mvula itadula, sangafunse kuti nthaka imalira bwanji.

Malo khumi a m'Chipangano Chatsopano

M'Chipangano Chatsopano pentheo akupezeka ka 10: pa Mateyu 5 ndime 4 ndi 9 ndime 15, Marko 16 ndime 10, Luka 6 ndime 25, 1 Akorinto 5 ndime 2, 2 Akorinto 12 ndime 21, Yakobo 4 ndime 9, ndiponso katatu pa Chivumbulutso 18, ndime 11, 15 ndi 19. Pa malo 6 mwa 10 amenewa, mneniyu wayenda limodzi ndi klaio, kulira kuja kotulutsa mawu. Umenewu ndi umboni wakuti alembi sankanena za chisoni cha chamumtima.

Pa Mateyu 9 pali chinthu chimene ambiri amachidumpha. Ophunzira a Yohane adafunsa chifukwa chimene ophunzira a Yesu sankasala kudya, ndipo Yesu adayankha ndi fanizo la anzake a mkwati pa tsiku la ukwati. Marko ndi Luka, posimba yankho lomwelo, adalemba mneni wotanthauza kusala kudya, koma Mateyu adaikapo pentheo. Kwa Mateyu, kusala kudya ndi kukhala pamaliro zidali ngati chinthu chimodzi, pakuti kulira kwenikweni kumafika mpaka pa mbale ya nsima. N'chifukwa chake pamaliro athu anansi ndi amene amasonkha ufa ndi nkhuni, amaphika, ndipo amachita kumukakamiza namfedwa kuti alawe kaphala.

Ku Korinto kudachitika chonyansa: munthu wina mumpingo ankakhala ndi mkazi wa bambo wake. Paulo adadzudzula mpingo wonse chifukwa udali wodzitukumula pamene unkayenera kukhala pamaliro. M'kalata yachiwiri adanena kuti akuopa kuti akadzafika adzalira maliro a anthu ambiri amene adachimwa osalapa. Yakobo naye adalamula anthu a mitima iwiri kuti alire, kuseka kwawo kusanduke penthos. Apa pali phunziro kwa ife. Mwana wa m'mudzi akasokera, ena amaseka, ena amafalitsa nkhaniyo pa lamya, ena amangoti khoswe akakhala pamkhate sapheka, n'kutseka pakamwa. Paulo akuti choyamba mpingo umve kuti wafedwa, ndipo chilango chibwere kuchokera kwa anthu amene ali ndi misozi m'maso. Pa zaka zimene ndidayang'anira sukulu ndidaona kuti mwana amasiyanitsa msanga mphunzitsi amene akumulanga mokondwera ndi amene akumulanga mtima ukumupweteka.

Olira katundu

Si onse olira amene Baibulo limawayamikira. Pa Chivumbulutso 18, mzinda waukulu wotchedwa Babiloni, dzina limene omasulira ambiri amati likuimira Roma, ukugwa ndi kupsa. Amene akulira ndi amalonda ndi eni zombo, ena mpaka kudzithira fumbi kumutu. Koma mlembi sadabise chifukwa chake: palibenso wogula katundu wawo. Adandandalika katunduyo, golide, siliva, ngale, nsalu zamtengo wapatali, minyanga ya njovu, vinyo, mafuta, tirigu, ng'ombe, nkhosa ndi akavalo, ndipo kumapeto kwenikweni adatchula anthu ogulitsidwa ukapolo. Amalondawo sadalire pamene ankakweza anthu anzawo m'zombo, adadzalira msika utatsekedwa.

Olira a mtundu umenewu timawadziwa. Ndi aja amabuma kwambiri pa tsiku loika, maso ali pa makiyi a nyumba, ndipo maliro asanametedwe ayamba kale kutulutsa mipando, kusiya mayi wamasiye ndi ana pa mkeka. Khalidweli lidakula mpaka Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011, limene limati kulanda katundu wotere ndi mlandu. N'zomvetsa chisoni kuti chinthu chimene mwambo ndi chikumbumtima zikadaletsa chidachita kufuna lamulo la boma. Choncho funso loyenera kudzifunsa pamaliro ndi lakuti: kodi ndikulira munthu, kapena ndikulira zimene ndinkapeza kwa iye?

Lonjezo la pa phiri

Tsopano tifike pa ndime yodziwika koposa, Mateyu 5 ndime 4, pamene Yesu akutchula anthu olira kuti ndi odala, nawalonjeza chitonthozo. Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, lidawatchula anthu amenewa kuti achisoni. Omasulira aja adagwira ntchito yotamandika, koma tonse tikudziwa kuti m'Chichewa chisoni ndi mawu otambalala. Munthu wolephera mayeso ali ndi chisoni, ndipo woona wopemphapempha amamumvera chisoni. Mawu achigiriki ndi penthountes, kutanthauza anthu amene ali pamaliro tsopano lino, amene akhala pansi m'siwa.

Yesu sadatole mawuwa pena paliponse. Pa Yesaya 61 ndime 2, wodzozedwa wa Mulungu akutumidwa kukatonthoza onse olira, ndipo mu Septuagint aneni awiri a m'ndime imeneyo ndi omwewo amene ali pa Mateyu 5. Olira a Yesaya adali anthu a dziko lopasuka. Choncho lonjezoli likufikira wofedwa, likufikira wolira tchimo lake, likufikiranso wolira kuonongeka kwa mtundu wake.

Mneni wa chitonthozo ndi parakaleo. Para ndiye kuti pambali, kaleo ndiye kuti kuitana. Kuchokera ku mneni ameneyu kudabwera dzina lakuti Parakletos, woitanidwa kuti aime pambali pa mnzake, limene Yohane adatchula nalo Mzimu Woyera, ndipo Buku Lopatulika lidalimasulira mwaluso kuti Nkhoswe. Ndi mneni yemweyu amene akufotokoza zimene ana a Yakobo adayesa kuchitira bambo wawo. Ife timati pepani sapoletsa chilonda, ndipo n'zoona. Komabe timapita kukapepesa, chifukwa chimene chimagwira ntchito ndi kufika kwathu ndi kukhala kwathu pansi, mawu athu angakhale ochepa chotani. Nanga munthu amene wabisa maliro ake, ndani adzabwere kudzakhala pambali pake? Makolo athu ankaika masamba pamsewu kuti wapanjinga atsike, wagalimoto achepetse liwiro, ndipo aliyense adziwe kuti pakhomo apa pagwa zovuta. Masamba amenewo ndiwo ankaitana otonthoza.

Amene amaletsa kulira amakonda kutchula 1 Atesalonika 4 ndime 13. Koma pamenepo Paulo adalemba lupeo, ndipo chimene adaletsa ndi chisoni chonga cha anthu opanda chiyembekezo. Pa Machitidwe 8 ndime 2, anthu opembedza adaika Stefano m'manda namulira kwakukulu, ndipo palibe amene adawadzudzula. Pa Marko 16 ndime 10, uthenga wakuti Yesu wauka udawapeza ophunzira ake ali pamaliro, akulira. Nawonso mawu aja timauza anyamata akuti mwamuna salira sakugwirizana ndi Abrahamu, Yakobo, Samuele, Ezara ndi Nehemiya, amene onse adali amuna, atsogoleri a anthu awo.

Maliro ali ndi polekezera

Kulira kumeneku sikukhala mpaka kalekale. Pa 1 Samuele 16 ndime 1, Mulungu adafunsa Samuele kuti adzamulira Sauli mpaka liti, namutuma kuti anyamuke akadzoze mfumu ina. Makolo athu adadziwa zomwezo pokhazikitsa mwambo wa kumeta. Tsitsi likagwa pansi, anamfedwa ankamasulidwa kuti abwerere ku ntchito zawo, ndipo tsitsi latsopano likamamera, moyo nawo unkayambanso. Mwambo unkapatsa munthu nthawi yolira, unkamupatsanso tsiku lodzuka. Pa Chivumbulutso 18 ndime 7, Babiloni adadzitama kuti iye si wamasiye ndipo penthos sadzamuona, koma adamugwera tsiku limodzi. Pa mutu 21 ndime 4 ndi pamene timva kuti penthos adzatha pamodzi ndi imfa, ndipo wochotsa misozi ndi Mulungu mwini. Tsiku limenelo lisanafike, palibe banja limene lingadzitame kuti silidzafuna anansi.

Kwa inu adzukulu

M'chinenero chathu mawu akuti adzukulu ali ndi matanthauzo awiri. Ndinu ana a ana athu, komanso adzukulu ndi anthu amene amakumba manda ndi kusamalira mtembo. Sindikhulupirira kuti zimenezi zidangochitika mwangozi. Dzina lanu lomwelo likukuuzani kuti pamaliro muli ndi ntchito.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ku Lilongwe, ena ku Johannesburg, ena ku London, ndipo si maliro onse amene mungafikeko. M'zaka za 2020 ndi 2021, mliri wa Covid-19 udatiletsa tonse kusonkhana monga mwa mwambo, ndipo amene adaika abale awo mwachangu, ndi anthu owerengeka, akudziwa kulemera kwa maliro osalirana. Kutumiza chipepeso pa lamya n'kwabwino, kulemba mawu achisoni pa Facebook si kulakwa. Koma musayese kuti mwamaliza. Imbirani namfedwa, mumusiye alankhule, ngakhale abwereze nkhani yomweyo katatu. Mukabwera kumudzi, ngakhale patapita miyezi, yambani mwafika pakhomo pamene padagwa zovuta, mukhale pansi, musanapite kukaona anzanu. Kumene muliko, mnzanu akafedwa, pitani mukagone kwawo monga tichitira kuno, pakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ndipo tsiku limene zovuta zidzagwere inu, musadzatseke chitseko n'kumauza anthu kuti muli bwino. Adziwitseni, kuti abwere adzakhale nanu.

Mwambi wathu sudati maliro n'kulira, udati n'kulirana. Kachidutswa kakang'ono ka kumapetoko ndi kamene kasenza nzeru yonse, ndipo ndi komwenso kamalumikiza pentheo ndi parakaleo, wolira ndi womukhalira pambali.

Ulendo wotsatira tidzakambirana za ntchito ya nkhoswe pa ukwati ndi pa milandu. Mpaka nthawi imeneyo, tsalani bwino, ndipo Chauta akusungeni.

Ndine agogo anu.